Kodi Arduino kapena Raspberry Pi ingayendetse kafukufuku wa makoswe?

Wowerenga wina wa ku Braamfontein walemba kuti: "Bambo, ndine wochokera ku Zomba, ndipo ndikuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg. Kafukufuku wanga ndi woona ngati khoswe angasankhe kudikira kuti alandire chakudya chambiri m'malo motenga chochepa nthawi yomweyo. Ndikufunika mabokosi anayi, lililonse likhale ndi tizitsulo tiwiri todina, kagetsi, kasipika ndi chipangizo chogwetsa timibulu ta chakudya. Mtengo umene makampani akunja atiuza ukuposa ndalama zonse za kafukufukuyu, choncho amene akundiyang'anira akuti tipange tokha pogwiritsa ntchito Arduino kapena Raspberry Pi. Ine za mawaya sindizidziwa, ndinangophunzirako Python pang'ono. Kodi tizipangizo timeneti n'todalirika? Kodi oyesa ntchito yanga sadzakana zotsatira ponena kuti ndinagwiritsa ntchito zoseweretsa ana? Nanga magetsi akazima ntchito ili mkati nditani?"

Achemwali, khazikani mtima pansi. Zimene akukuuzani okuyang'aniraniwo si zachilendo, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikukonza ndi kusamalira zipangizo m'malabotale a zinyama kuno, ndaona ophunzira amene anabwera asakudziwa kuwotcherera waya akumaliza maphunziro awo ndi mabokosi opanga okha. Komabe sindikunamizani kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Ndalama zimene mupulumutse mudzazilipira ndi nthawi yanu, ndipo nthawi yambiri idzathera pa kuyesa bokosilo mpaka mutakhutira kuti zimene likulemba ndi zimene zachitikadi, pamene kulumikiza mawaya kudzatenga gawo laling'ono chabe.

Za kuchepa kwa tizipangizoti musade nazo nkhawa. Katswiri wa khalidwe la zinyama B. F. Skinner atapanga bokosi lake loyesera makoswe ku yunivesite ya Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunalibe kompyuta, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake malabotale ankayendetsa mabokosi ndi ma relay (ma switchi oyendetsedwa ndi magetsi) ochuluka ondandalikidwa pa mashelefu, moti kusintha kafukufuku kunkatanthauza kuzula mawaya n'kuwalumikizanso mwatsopano. Mu 1962 Wesley Clark ndi Charles Molnar anapanga kompyuta yotchedwa LINC ku Lincoln Laboratory ya MIT, n'cholinga choti wasayansi akhale ndi kompyuta yake pambali pa chimene akuyesa, ndipo mu 1965 kampani ya Digital Equipment Corporation inatulutsa PDP-8, imene inkagulidwa pafupifupi madola 18,000 koma inkasunga manambala 4,096 okha mu memory yake. Makina ngati amenewo ndi amene ankayendetsa mabokosi a makoswe ndi nkhunda m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimene anapeza zikuphunzitsidwabe m'makalasi mpaka lero. Arduino Uno R3, imene mukhoza kuibisa m'dzanja, imathamanga kuposa PDP-8 kutalitali. Woyesa ntchito wodziwa bwino sangakufunseni mtengo wa bokosi lanu. Adzakufunsani kuti mukudziwa bwanji kuti pamene fayilo yanu ikunena kuti khoswe anadikira masekondi 20, anadikiradi masekondi 20, ndipo pamene ikunena kuti timibulu tinayi tinagwa, tinagwadi tinayi.

Anthu ambiri amatchula Arduino ndi Raspberry Pi pamodzi ngati ndi chinthu chimodzi, koma n'zosiyana kwambiri. Arduino, imene inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndi kabolodi kokhala ndi chip imodzi yaing'ono imene imayendetsa pulogalamu imodzi yokha kuyambira pamene mwaiyatsa mpaka pamene mwaizimitsa. Raspberry Pi, imene inatuluka ku Britain mu 2012, ndi kompyuta yeniyeni yoyendera Linux, ndipo pamene ikuyendetsa pulogalamu yanu imakhala ikusamalanso za intaneti, za khadi la SD, za sikirini ndi zina zambiri zimene inu simukuziona. Arduino ili ngati mwana amene mwamuika m'munda wa mpunga kuti azipirikitsa mbalame, amene alibe chochita china koma kuyang'ana mundawo, pamene Pi ili ngati mayi wa pakhomo tsiku la chinkhoswe, amene amatha zambiri koma mukamuitana akhoza kuyankha mochedwerapo chifukwa manja ali mu mphika. Kuchedwa kwa Pi nthawi zambiri kumakhala kochepa, koma vuto lake n'lakuti sikufanana ulendo uliwonse, ndipo simungadziwiretu kuti kudzakula liti.

N'chifukwa chake ine ndimagawa ntchito motere: bokosi lililonse likhale ndi Arduino yakeyake, imene izimva kudina kwa khoswe, kuyatsa kagetsi, kuliza kasipika, kugwetsa chakudya ndi kulemba nthawi ya chochitika chilichonse malinga ndi wotchi yake. Kenako ma Arduino onse anayi alumikizidwe pa USB ku Pi imodzi kapena laputopu yakale, imene ntchito yake ndi kulandira mizere imene ikutumizidwa, kuisunga mu fayilo ndi kukuonetsani mmene zinthu zikuyendera. Nthawi ilembedwe ndi Arduino pamene chinthucho chikuchitika, osati ndi kompyuta pamene uthenga wafika, pakuti ulendo wa pa USB nawonso umachedwa mosiyanasiyana. Mungathe kuyendetsa mabokosi onse ndi bolodi imodzi yaikulu, koma tsiku limene idzavute mudzataya makoswe anayi nthawi imodzi, ndipo pulogalamu yake imakhala yovuta kuiwerenga. Gulaninso Arduino yachisanu, muikemo pulogalamu yomweyo, izikhala m'kabati.

Mwayi wanu ndi wakuti funso lanu limayezedwa m'masekondi. Amene amalemba mmene minyewa ya mu ubongo ikugwirira ntchito amafuna kulondola kwa milisekondi imodzi kapena kucheperapo, koma kwa inu amene mukusiyanitsa kudikira kwa masekondi 10, 20 kapena 40, kuphonya kwa mamilisekondi 10 sikusintha kanthu. Choncho musawononge ndalama pa bolodi yothamanga kwambiri. Zimene zimawononga kafukufuku ngati wanu ndi kudina kumene sikunawerengedwe, kudina kumodzi kumene kwawerengedwa katatu, ndi chakudya chimene sichinagwe.

Musanalembe mzere uliwonse wa pulogalamu, tengani pepala n'kujambula mabwalo. Bwalo loyamba ndi nthawi yopuma, lachiwiri ndi pamene khoswe akuyenera kusankha, lachitatu ndi kudikira, lachinayi ndi pamene chakudya chagwa. Kuchokera pa bwalo lililonse jambulani mivi, ndipo pa muvi uliwonse lembani chimene chimachititsa bokosi kuchoka pamenepo, kaya ndi kudina, kaya ndi kutha kwa nthawi. Njira imeneyi akatswiri amaitcha state machine, ndipo ndi yomwe Arthur Snapper ndi anzake anagwiritsa ntchito popanga SKED ya pa PDP-8, komanso ndi yomwe pulogalamu ya MED-PC ya kampani ya Med Associates imatsatira. Ubwino wa pepala ndi wakuti limakukakamizani kuyankha mafunso amene mukanawakumbukira khoswe ali kale m'bokosi. Akadina nthawi yodikira, chichitike n'chiyani? Akangokhala pakona osasankha, bokosi limudikire mpaka liti? Ndipo pa kafukufuku wanu pali mfundo imodzi imene ophunzira ambiri amaiphonya: utali wa ulendo wonse, kuchokera pamene khoswe wapatsidwa mwayi wosankha kufika pamene apatsidwanso wina, uyenera kukhala wofanana, kaya khoswe wasankha chochepa kapena chambiri. Mukalola kuti ulendo wotsatira uyambe msanga akasankha chochepa, khoswe wochenjera adzazindikira kuti kutenga kambulu kamodzikamodzi mofulumira kumam'patsa chakudya chambiri pa ola, ndipo inu mudzalemba kuti ndi wosadekha pamene iye wangowerengera bwino kuposa pulogalamu yanu. Pepalalo lionedwe ndi okuyang'aniraniwo, asaine n'kulemba deti.

Mukayamba kulemba, pewani lamulo la delay(), limene zitsanzo zambiri za oyamba kumene zimagwiritsa ntchito. Arduino ikakhala mkati mwa delay() imangodikira, ndipo khoswe akadina nthawi imeneyo pulogalamu wamba siona. Gwiritsani ntchito millis(), imene imakuuzani mamilisekondi amene adutsa chiyatsire bolodi, ndipo pulogalamu izizungulira mosalekeza, ikuyang'ana tizitsulo n'kumafunsa ngati nthawi yakwana. Popeza mwati munaphunzirako Python, onaninso pyControl, njira yoyendetsera mabokosi otere imene anapanga Thomas Akam ndi anzake ndipo inafotokozedwa m'magazini ya eLife mu 2022. Ndi yaulere kuitsitsa, imayendera pa bolodi ya MicroPython, ndipo kafukufuku amalembedwa m'mabwalo ndi mivi ngati mmene ndafotokozeramu. Palinso njira ina yotere yotchedwa Bpod, imene malabotale ambiri amaiyendetsa ndi pulogalamu ya MATLAB. Kutenga chimene ena anayesa kale n'kufalitsa kumakuchepetserani mafunso pa tsiku loteteza ntchito yanu, ngakhale kuti mabolodi ake amafunika kuitanitsa kunja, ndipo muyenera kuwerengera nthawi imene katundu amatenga pa kasitomu. Ngati ndalama kapena nthawi sizikulola, Arduino wamba ikwanira.

Pali misampha itatu ing'onoing'ono imene sioneka ndi maso. Woyamba uli mu switchi ya kachitsulo. Zitsulo ziwiri zikamagundana sizigwirana kamodzi n'kukhazikika, zimanjanja kwa mamilisekondi ochepa, ndipo Arduino, imene imayang'ana mofulumira kwambiri, imaona ngati khoswe wadina kangapo. Mankhwala ake ndi kuuza pulogalamu kuti ikaona kusintha inyalanyaze kusintha kwina kulikonse kwa mamilisekondi 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma musakweze kwambiri chiwerengerochi, mungameze kudina kwenikweni. Wachiwiri uli pa liwiro lotumizira uthenga. Zitsanzo zambiri zimaika 9600, pamene pa liwiro limenelo pamadutsa zilembo pafupifupi 960 pa sekondi, kutanthauza kuti mzere wa zilembo 30 umatenga mamilisekondi oposa 30, ndipo malo a mu Uno amene uthenga umadikiriramo usanatumizidwe, amene amalowa zilembo 64 zokha, akadzaza pulogalamu yonse imaima kudikira. Ikani 115200 ndipo mizere ikhale yaifupi. Wachitatu ndi lamulo la random(), limene pa Arduino limatulutsa ndondomeko yomweyomweyo ya manambala nthawi iliyonse mukayatsa bolodi, pokhapokha mutaipatsa nambala yoyambira yosiyana. Makoswe amaloweza ndondomeko. Kompyuta ndiyo izitumiza nambala yoyambira tsiku lililonse, ndipo nambalayo ilembedwe pamwamba pa fayilo.

Fayiloyo isasunge zowonkhetsa zokha. Ophunzira amakonda kulemba kuti khoswe wachitatu anasankha chambiri ka 34 n'kusiya pomwepo, ndiye patapita chaka woyesa amafunsa kuti ankatenga nthawi yaitali bwanji asanasankhe, yankho n'kusowa. Chochitika chilichonse chikhale ndi mzere wake: nthawi, nambala ya bokosi, nambala ya khoswe, ndi chimene chachitika, ngakhale kudina kumene kulibe phindu. Musayesenso kusunga zonsezi mu Uno kuti muzitumize kumapeto, pakuti memory yake yogwirira ntchito ndi 2 KB yokha, ndipo ikadzaza sichenjeza, imangoyamba kuchita zosadziwika.

Kumbali ya mawaya, lowezani manambala ochepa. Mapini a Uno amatulutsa 5 V ndipo lililonse lisapitirire 20 mA, zimene zimakwanira kagetsi ka LED koma sizikwanira mota kapena solenoid (maginito wamagetsi wokankha kachitsulo). Mapini a Raspberry Pi ndi a 3.3 V, ndipo mukalowetsamo 5 V mukhoza kuwawotcha. Zipangizo zambiri za mabokosi ogula, monga za Med Associates, zimayendera 28 V, choncho waya wake ukangokhudza mwachindunji bolodi yanu, yapita. Pakati pa bolodi ndi chilichonse chokoka magetsi ambiri pamafunika transistor kapena MOSFET, tizipangizo totsegula ndi kutseka njira ya magetsiwo bolodi ikalamula, ndipo chilichonse chokhala ndi waya wokulungidwa mkati, kaya ndi relay kaya ndi solenoid, chikhale ndi diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), monga 1N4007, yoikidwa chozondoka pa miyendo yake, chifukwa chikamazima chimabweza magetsi amphamvu amene amatha kuwotcha transistor kapena kuchititsa Arduino kuyambiranso yokha. Mukaona bokosi likuiwala pamene linali nthawi iliyonse chakudya chikagwa, yambani mwakayikira pamenepo. Ma mota akhale ndi magetsi awoawo, osamwa kuchokera pa USB. Zonsezi mukhoza kuziphunzira nokha, ndipo zipangizo zake zimapezeka m'masitolo a zamagetsi kuno ku Gauteng, monga Mantech, Communica ndi Micro Robotics. Koma chilichonse chokhudza magetsi a 230 V a pakhoma musachigwire. Pitani kwa amisiri a yunivesite yanu, chifukwa m'chipinda cha zinyama pansi pamanyowa kawirikawiri ndipo mashelefu ndi achitsulo.

Pa zipangizo zonse za m'bokosi, chimene ndachiona chikuvuta kawirikawiri ndi chogwetsa chakudya. Timibulu ta makoswe, timene nthawi zambiri timalemera 45 mg, timaphwanyika, fumbi lake limaunjikana, ndipo tsiku lina mota imazungulira koma osagwa kanthu, kapena timagwa tiwiri pamodzi. Pulogalamu imangolemba kuti yapereka, popeza inalamula. Pa kafukufuku amene mtima wake wonse ndi kusiyana kwa kambulu kamodzi ndi tinayi, bodza limeneli n'lalikulu. Ikani kuwala kwa infrared kodutsa pakhosi pa paipi yogwetsera kuti kambulu kalikonse kakadutsa kalembedwe, ndipo pulogalamu ikalamula osaona kanthu iyesenso kenako ikuchenjezeni. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakulangizeni kugula chopangidwa kale, ndi chimenechi.

Kumbukiraninso kuti bokosilo mukulimva ndi makutu a munthu. Ife timamva maliwu okwera mpaka pafupifupi 20 kHz, pamene khoswe amamva mpaka cha m'ma 70 kapena 80 kHz, ndipo makoswe amachenjezana za zoopsa ndi kulira kwa pafupifupi 22 kHz, pomwe akamasewera amalira cha m'ma 50 kHz. Ma charger otchipa, masikirini ena ndi ma mota amatha kutulutsa phokoso m'dera limenelo, moti chipinda chimene inu mukuti chili zii chikhoza kukhala chosokosera kwa khoswe. Lamulo la tone() la Arduino nalonso silitulutsa liwu loyera, limatulutsa funde lamakona limene lili ndi maliwu ena okwera pamwamba pake. Funsani ku dipatimenti ya zoology ngati ali ndi chipangizo chomvera mileme, muchizungulitse bokosi lililonse zonse zitayatsidwa, ndipo zopereka magetsi muziike kunja kwa kabati imene muli bokosi. Tinyale tating'ono ta pa bolodi tisaonekere kwa khoswe, chifukwa ngati kena kamaphethira nthawi zonse chakudya chisanagwe, iye adzaphunzira kameneko m'malo mwa chizindikiro chanu. Ngati makoswe anu ndi oyera a maso ofiira, monga Wistar kapena Sprague-Dawley, kuwala kwambiri kumawavutitsa. Waya aliyense amene dzino lingafikire adzatafunidwa, ndipo mkodzo umadya zitsulo, choncho zamagetsi zonse zikhale kunja ndiponso pamwamba. Pulasitiki ya acrylic imang'ambika ikamapukutidwa ndi mowa wa ethanol kawirikawiri, ndipo zinthu zosindikizidwa pa 3D printer zimasunga fungo m'timipata take, kotero funsani osamalira zinyama kuti amatsukira chiyani musanasankhe zopangira.

Wotchi ya Uno si yolondola monga mmene ambiri amaganizira. Imayendera ceramic resonator, imene ikhoza kutsogola kapena kutsalira ndi masekondi angapo pa ola, ndipo bolodi iliyonse imaphonya mwa njira yakeyake. Pa kudikira kwa masekondi 20 zimenezi sizioneka, koma mukajambula vidiyo ya ola lathunthu n'kufuna kuigwirizanitsa ndi fayilo, kumapeto zidzakhala zitasemphana. Njira yosavuta ndi kuika LED ya infrared pamalo amene kamera ikuona, Arduino iziiyatsa kumayambiriro kwa ulendo uliwonse n'kulemba nthawiyo, kuti pambuyo pake mugwirizanitse ulendo ndi ulendo. Kamera yojambula zithunzi 30 pa sekondi imasiya mamilisekondi 33 pakati pa zithunzi, choncho LED iyake motalikirapo kuposa pamenepo. Ma Pi amene anatuluka Pi 5 ya mu 2023 isanabwere alibe wotchi yosunga deti akazima, ndipo akayaka popanda intaneti amalemba deti lolakwika pa mafayilo anu. Kabolodi ka DS3231 kokhala ndi kabatire kake kamathetsa vutoli, ndipo kamaphonya pafupifupi mphindi imodzi pa chaka.

Tsopano za magetsi, zimene aliyense wa kuno amazidziwa. Mu 2023 load shedding inachitika masiku oposa 300, ndipo ngakhale inachepa kuyambira mu 2024, magetsi amazimabe m'madera ena chifukwa cha kubedwa kwa mawaya ndi kuwonongeka kwa ma substation. Nyumba yanu ikhoza kukhala ndi jenereta, koma masekondi ochepa amene imatenga isanalire ndi okwanira kuzimitsa Pi, ndipo Pi ikazima ili mkati molemba, khadi la SD likhoza kuwonongeka. Choncho kompyuta, ma Arduino ndi magetsi a ma mota zonse zikhale pa UPS (chipangizo cha batire chopitiriza kupereka magetsi akazima) imodzi yokhoza kumaliza gawo la tsikulo, ndipo muiyese pozula pulagi mwadala, chifukwa mabatire a UPS amafa mwakachetechete. Pulogalamu yolandira izilemba mzere uliwonse pa disiki nthawi yomweyo, ndipo madzulo aliwonse koperani mafayilo kumalo ena awiri. M'chilimwe cha kuno, kuyambira cha mu October mpaka March, mphenzi za masana zimaononga zipangizo kudzera m'mawaya a magetsi ndi a intaneti, choncho ikani zotetezera. M'nyengo yozizira mpweya umauma kwambiri, ndipo kamoto kamene kamakuthethekani pa chala mukagwira chitseko kakhoza kupha chip, choncho muzikhudza kaye chitsulo cholumikizidwa pansi musanagwire bolodi. Fufuzaninso ngati wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi a m'chipinda chogona makoswe imasunga nthawi magetsi akazima, pakuti usana ndi usiku wawo zikasokonekera khalidwe lawo limasintha ngakhale bokosi lanu lili bwinobwino. Ndipo musanayambe kusonkhanitsa zotsatira, gwirizanani ndi okuyang'aniraniwo molemba kuti gawo lodukira panjira mudzalitani, kaya kulitaya lonse kaya kulisunga ngati maulendo ena ake anakwana. Kusankha zimenezi mutaona kale zotsatira ndi kumene woyesa angakukanireni, ndipo akakana adzakhala akulondola.

Palibe khoswe amene ayenera kulowa m'bokosi lanu komiti yoona za kasamalidwe ka zinyama pa yunivesite yanu isanavomereze. Kuno makomiti amenewa amatsatira muyezo wa SANS 10386, umene unatuluka mu 2008 n'kukonzedwanso mu 2021, ndipo ntchito zina pa thupi la nyama zimafuna chilolezo cha South African Veterinary Council kwa munthu amene si dokotala wa ziweto. Fotokozani bokosi lopanga nokhalo m'fomu yanu momveka, ndipo muitane dokotala wa ziweto wa pamalopo adzalione, aone ngati pali nsonga zakuthwa kapena mipata yopana chala kapena mchira. Kafukufuku wa mtundu wanu nthawi zambiri amafuna kuti khoswe achepetsedwe chakudya, ndipo malabotale ambiri amamusunga pa 85 mpaka 90 peresenti ya kulemera kumene akanakhala nako, koma chiwerengero chanu chidzachokera ku komitiyo. Pamenepa bokosi likalephera kugwetsa chakudya pali khoswe amene akugona ndi njala, choncho muzimuyeza pa sikelo monga mwa chilolezo chanu n'kumuwonjezera chakudya cha tsikulo. Akayamba kuonda mopyola, ubweya kuima, kapena kusiya kudina mwadzidzidzi, itanani dokotalayo tsiku lomwelo musanayambe kufufuza mawaya. Makomitiwa sakhala tsiku ndi tsiku, choncho perekani fomu yanu panopa pamene mukupanga bokosi loyamba.

Pangani bokosi limodzi kaye, ndipo muliyese lopanda khoswe. Yambani ndi chala chanu, mukudina mwaulesi, mofulumira, tizitsulo tonse tiwiri pamodzi, ndiponso pa nthawi imene simukuyenera kudina. Kenako tengani Arduino ya m'kabati ija muisandutse khoswe wabodza, izitumiza kudina kodziwika chiwerengero, mwachitsanzo 1,000, pa nthawi zodziwika, usiku wonse, m'mawa muwerenge ngati fayilo ili ndi 1,000 yomweyo. Bwerekani oscilloscope, chipangizo choonetsa pa sikirini mmene magetsi akusinthira, ku dipatimenti ya zamagetsi, kapena pemphani wophunzira wa kumeneko akuthandizeni masana amodzi, muyeze nthawi yochokera pa kudina kufika pa kuyaka kwa kagetsi, ndiponso utali weniweni wa kudikira kulikonse. Lamulani timibulu 200 n'kutiwerenga ndi manja. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene mudzalembe m'mutu wofotokoza njira zanu, ndipo ndiwo yankho la funso lanu la zoseweretsa. Mukayamba ndi makoswe enieni musasinthenso pulogalamu popanda kulemba deti ndi chifukwa chake, ndipo nambala ya mtundu wa pulogalamu izilembedwa mu fayilo iliyonse. Mabokosi anayi opanga pamanja sangafanane ndendende, kachitsulo kena kamalimba kuposa kanzake, choncho gawani makoswe a gulu lililonse m'mabokosi onse anayi kuti kusiyana kwa mabokosi kusaoneke ngati kusiyana kwa magulu.

Pali pamene ndingakuuzeni kuti musapange nokha. Ngati kafukufuku wanu atasintha n'kufuna kumenya nyama ndi magetsi ochepa pamapazi, chipangizo chake chigulidwe kwa opanga odziwika ndipo chiyezedwe ndi katswiri, pakuti kulakwitsa pamenepo n'kuzunza nyama. Ngati mudzafune kulumikiza bokosi ndi makina olemba za mu ubongo, pezani injiniya kuyambira pachiyambi. Ndipo ngati kwatsala miyezi yochepa kuti mupereke ntchito yanu, uzani okuyang'aniraniwo mosabisa kuti kuphunzira, kupanga ndi kuyesa kudzadya miyezi ingapo makoswe asanayambe n'komwe kuphunzitsidwa.

Musanagule kalikonse, yendani kaye m'madipatimenti a physiology, psychology ndi pharmacology, a pa yunivesite yanu ndi oyandikana nawo mpaka ku Pretoria, mufunse amisiri akalekale ngati m'zipinda zawo zosungiramo katundu muli mabokosi amene anasiyidwa. Kawirikawiri chimene chinafa ndi kompyuta yakale kapena khadi lake lolumikizira, pamene bokosi lenilenilo, tizitsulo take ndi chogwetsa chakudya zikadali zolimba. Bokosi lotero limangofunika kulitsuka, kulipezera magetsi a 28 V, ndi kuika ma optocoupler pakati pa mawaya ake ndi Arduino yanu kuti mbali ziwirizo zisakhudzane. Mukalipeza, pemphani kalata yobwereketsa yosainidwa ndi mkulu wa dipatimentiyo, ndipo mufunse osamalira zinyama njira imene amafuna kuti litsukidwe lisanalowe m'chipinda chawo.